Za Mau Aja Akuti, "Mulungu Ndiye Adzalipira"

Pali mau amene amveka kawiri kawiri m'mipingo yathu ya m'midzi, ndipo tifuna kuwapeta pano monga amai apeta mphale m'licero, kuti tione cimene ciri mphale ndi cimene ciri madeya. Mauwo ndi akuti, "Mulungu ndiye adzalipira." Mkuru wa mpingo akayenda ulendo wautali kukaika maliro, nabwera madzulo ali ndi njala, timlandira ndi mau amenewa. Mai wa Cigwirizano akacezera masiku atatu pa mphasa ya wodwala amene sali mbale wace, timthokoza ndi mau omwewo. Mnyamata akatsazika kunka ku sukulu ya ubusa, nasiya mkazi ndi ana ndi munda wosapalira, timgwira dzanja ndi kumuuza omwewonso. Sitikana kuti mauwa ali oona. Wokana ici sali Mkristu. Koma tapenyetsetsa kuti iye amene afulumira kuwanena, kawiri kawiri ndiye amene dzanja lace lalowa m'thumba ndi kugona momwemo. Mau oona tawasandutsa cotsekera nkhokwe, ndipo cifukwa ca ici mpingo uli kuonda mbali ziwiri: kwa abusa amene tiwayembekeza, ndi kwa anchito osalandira kanthu amene tiwatsamira.

Tisanadzudzule a lero tiyambe takumbukira za kale, pakuti mlandu uwu suli watsopano. Pa zikondwerero za mipingo, pamene awerenga mbiri, timamva kudandaula kuti Azungu a mishoni anacedwa kudzoza abusa a dziko lino. Kudandaula kumeneku kuli nao maziko, ndipo zaka zicitira umboni. A Livingstonia anafika ku Cape Maclear m'caka ca 1875, koma abusa ao oyamba, ndiwo Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa mu 1914, zitapita zaka 39. A Blantyre anayamba mu 1876, ndipo anaika manja pa Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha mu 1911, zitapita zaka 35. A Dutch anamanga msasa pa Mvera mu 1889, koma Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza analandira ubusa mu 1925, zitapita zaka 36. Kwa Akatolika, amene anakhazikika pa Nzama mu 1901 ndi pa Mua mu 1902, wansembe woyamba wa dziko lino, Cornelio Chitsulo, anadzozedwa mu 1937. Taonani, mwana wobadwa caka cimene mishoni inafika anakula, nakwatira, nabala ana, asanalandire Mgonero m'manja mwa munthu wa mtundu wace.

A Likoma anafulumirako, popeza anali nayo kale sukulu yao ku Kiungani pa cisumbu ca Zanzibar. Yohana Abdallah analandira unsembe mu 1898, ndi Leonard Kamungu wa ku Chia mu 1909, yemwe uja anakafera pa nchito ku Msoro mu 1913, m'dziko limene lero ndi Zambia. Ici citsimikiza kuti anthu oyenera sanasowe; cimene cinasowa kwina ndico khomo lotseguka. Ndipo kucedwako kunali ndi mtengo wace. Charles Domingo anatsiriza maphunziro a ubusa ku Khondowe mu 1900, naloledwa kulalikira, koma manja sanamuike. Anadikira zaka, natopa, nacoka caka ca 1910 cisanafike. Mwasi yemwe, ngakhale anadzozedwa, anaturuka mu 1933 nayamba mpingo wace kwa Atonga. Munthu wophunzitsidwa bwino amene simumpatsa malo, mwamuphunzitsira ena.

Cifukwa cimodzi cimene amishoni anachula cinali ici, kuti mbusa asadzozedwe kufikira utapezeka mpingo womuitana ndi wokhoza kumsunga ndi zopereka zace. Maganizo awa sanabadwire kuno. Anacokera kwa akuru a mishoni monga Henry Venn wa ku London ndi Rufus Anderson wa ku Boston, amene anaphunzitsa kuti Eklesia wa m'dziko latsopano ayenera kudzisunga yekha, kudziweruza yekha ndi kudzifalitsa yekha. Tiyesa kuti ciphunzitso ici cinali cabwino, koma ena anabisalamo, nagwiritsa mbali ya kudzisunga, nalekerera mbali ya kudziweruza. Mzungu amene malipiro ace anacokera kutsidya la nyanja sanali woyenera kwenikweni kuuza mnzace wakuda kuti adikire makobiri a m'mbale ya Sabata. Komatu, abale, tisakondwere msanga ndi mlandu wa ena, pakuti funso lija silinakwere sitima pamodzi ndi Azungu. Linatsala pakhomo pathu, ndipo lifunsabe: Kodi mpingo uwu ukhoza kusunga iwo amene augwirira nchito? Kale tinali naye womloza cala. Lero Masinodi ali athu, masukulu a ubusa ali athu, zosungiramo ndarama ziri zathu. Cala cibwerera kwa mwini wace.

Koma pali funso lina limene owerenga mbiri salifunsa, ndipo tiyesa kuti ndilo lacikuru. M'zaka zija makumi atatu ndi mphambu, popanda mbusa wakuda ndi mmodzi yemwe, ndani anasunga mpingo m'midzi? Azungu anali owerengeka, ndipo malungo anawatha ambiri. Pamene a Livingstonia anasamukira ku Bandawe mu 1881, anasiya nchito ya ku Cape Maclear m'manja mwa Albert Namalambe, amene anabatizidwa caka comweco. Ku Blantyre, David Clement Scott anapatula atumiki asanu ndi awiri mu 1894, mwa iwo Matecheta, John Gray Kufa ndi Mungo Chisuse. Ndipo sanangowapatsa dzina, koma anakomana nao kawiri kawiri, nawaphunzitsa, nawafunsa nzeru pa milandu ya mpingo. Matecheta anali atapita kale ku Nthumbi kwa Angoni mu 1893, zaka 18 asanabvale kolala. Ndipo pambuyo pa awa odziwika maina panali khamu la aphunzitsi a m'midzi, amene maina ao atsala m'mabuku akale a ubatizo mokha. Mphunzitsi wotere anaphunzitsa ana kuwerenga m'mawa, naphunzitsa a kalasi madzulo, nalalikira tsiku la Sabata, nayendera odwala, naika akufa. Malipiro ace anali ocepa ndithu.

Tsono penyani cinthu cimene tiiwala. Anthu awa anali osauka, inde, koma sanali otayidwa. Mishoni inawaphunzitsa isanawatume, inawapatsa mabuku ndi masileti, woyang'anira anawayendera, ndipo pa nyengo zace anaitanidwa kubwera ku mishoni kudzakhalanso pa benci monga ana, kuti nzeru zao zisacite dzimbiri. Ife amene tinapita m'sukulu ya uphunzitsi tidziwa kuti mpeni wosanola caka conse sudula kanthu. Pambuyo pace, pamene boma linatenga udindo wa kulipira aphunzitsi ndi kulamulira maphunziro, mphunzitsi analeka kukhala mlaliki wa pamudzi. Sitidandaula kuti analandira malipiro oposa, anayenera. Koma katundu amene iye anatula sanagwe pansi. Anagwera pa mutu wa mkuru wa mpingo. Mkuruyo analandira katundu yense, wopanda nkhata. Sanalandire sukulu ija, kapena mabuku aja, kapena kuyenderedwa kuja. Anangolandira mau akuti, "Mulungu ndiye adzalipira."

Tiyeni tiwerengere, pakuti nambala siicita manyazi. Tiyerekeze mpingo wa mbusa mmodzi wokhala ndi nyumba za mapemphero 10, ndipo yotere siisowa m'dziko muno. Caka ciri ndi Masabata 52. Mbusa akapanda kudwala, akapanda kuitanidwa ku misonkhano, njinga yace ikapanda kuthyoka, ndi mitsinje ikapanda kudzaza, adzafika pa nyumba iri yonse kasanu pa caka. Masabata 47 otsalawo Mau a Mulungu ali m'kamwa mwa mkuru, kapena mtumiki, kapena mnyamata amene anamuuza dzulo madzulo kuti, "Mawa ndinu." Ndiko kunena kuti cimene Mkristu wa kumudzi adziwa za Mulungu, cacikuru anacimva kwa munthu amene mpingo sunatayepo khobiri kumphunzitsa. M'sukulu sitilola munthu wosaphunzitsidwa kuimirira pamaso pa ana a Sitandade 1 kuwaphunzitsa a, e, i, o, u. Koma timlola kuimirira pamaso pa anthu mazana kuwamasulira Danieli ndi Cibvumbulutso. Sitinena ici kunyoza akuru athu. Ambiri a iwo alalikira ndi mtima woyera, ndipo ena aposa ophunzira. Tinena kuti tiwacimwira.

Za wophunzira ubusa mlandu wathu uli woonekeratu. Tsiku la kudzoza mbusa, kapena la kumlandira pa mpingo, anthu saumira. Zituruka nkhuku ndi mbuzi, nsalu ndi matumba a cimanga. Makwaya aimba kufikira dzuwa lapendeka. Wina apereka mipando, wina mkanjo. Izi ziri zokoma, ndipo sitifuna kuti zileke. Koma zaka zija zitatu kapena zinai pamene munthuyu anali ku sukulu, khamu lonseli linali kuti? Ndani anafunsa ngati mkazi wace ali nao mcere ndi sopo? Ndani anapita kukabandira munda wace m'dzinja? Ndani anamgulira buku limodzi? Tifika ndi madengu tsiku la kukolola, ife amene sitinaoneke tsiku la kupalira. Njerwa ndi malata zipeza ndarama msanga, cifukwa zioneka ndi maso, ndipo dzina la wopereka liwerengedwa pamaso pa anthu; koma buku limene wophunzira awerenga usiku palibe aliombera m'manja. Potero midzi yathu iri kudzala ndi nyumba za Mulungu zazikuru zokongola, zokhala ndi gome lalitali, ndipo wokwera pa gomepo asowa.

Mu 1963 Masinodi anaphatikiza maphunziro a ubusa pa Nkhoma, ndipo mu 1977 sukuluyo inasamukira ku Zomba. Kuyambira masiku amenewo masukulu a ubusa acuruka. Koma tibvomere poyera kuti kwa zaka zambiri nchito iyi yatsamira pa thandizo la abale a kunja. Tiwathokoza. Koma mwana amene wamera ndebvu namadyabe kwa azakhali, anthu amseka. Ndipo mkono wa mlendo, ungatalike bwanji, tsiku lina ubwerera kwao.

Alipo ena amene atsutsa, nati, "Nanga atumwi anapita ku sukulu iti? Mzimu ndiye aphunzitsa." Tiwayankha kuti asodzi aja anakhala pa mapazi a Ambuye ngati zaka zitatu, usana ndi usiku, asanatumidwe ku mitundu, ndipo sukulu yoposa imeneyo siinaoneke pansi pano. Paulo analeredwa pa mapazi a Gamaliyeli. Buku Lopatulika limene tiri nalo m'manja, lomwe linatsirizidwa mu 1922, silinagwe kumwamba liri m'Cinyanja. Anthu anakhala pansi zaka zambiri, William Murray ndi anzace Azungu ndi akuda, nalimbana ndi Cihebri ndi Cigriki liu ndi liu. Wonyoza maphunziro, nanyamula Buku limenelo, ali ngati munthu wotukwana mlimi nsima iri m'kamwa. Ndiponso masiku ano auka ambiri odziyesa aneneri, ogulitsa madzi ndi mafuta m'timabotolo, olalikira pa wailesi ndi pa lamya za m'manja, amene afika m'nyumba ya Mkristu tsiku ndi tsiku pamene mbusa wace afika kasanu pa caka. Mai wamasiye akagulitsa mbuzi yace yotsiriza kuti agule botolo lotere, tisamdzudzule yekha. Tifunse amene anayenera kumtsegulira Malembo, ndi amene anayenera kuphunzitsa wotsegulayo.

Enanso ati, "Paulo anasoka mahema, nadya za manja ace; awanso acite comweco." Zoona, anasoka mahema ku Korinto pamodzi ndi Akula ndi Priskila. Koma werengani mutu 9 wa kalata wace woyamba kwa Akorinto omwewo, mudzaona kuti alimbikira kunena kuti mlaliki ali nao ulamuliro wa kusungidwa ndi mpingo, ndi kuti iye anauleka mwa kufuna kwace. Werenganinso mutu wotsiriza wa kalata wa kwa Afilipi, mudzampeza ali kuthokoza cifukwa ca mphatso zimene anamtumizira. Munthu akaleka yekha cimene ciri cace, ndiko kudzipereka. Koma mnzace akamlanda, namuuza kuti adzipereke, dzina lace la cinthuco ndi lina, ndipo liri m'Malamulo Khumi.

Tsono wina angayese kuti tifuna kuti akuru a mpingo ndi amai a Cigwirizano ayambe kulandira malipiro pa mwezi. Iai ndithu. Mpingo sungathe, ndipo ukadatha sitikadafuna. Tsiku limene ukuru wa mpingo udzakhala nchito ya ndarama, adzaulimbirana anthu amene lero authawa, ndipo cinthu cokoma ca mtengo wapatali cidzatayika, ndico cakuti munthu ayenda mtunda m'matope kukapemphera ndi wodwala popanda comkoka cina koma cikondi. Koma makolo athu anadziwa kusiyanitsa malipiro ndi cisamaliro. Pa dima, olima salandira ndarama. Koma mwini munda amene aitana dima wosaphika thobwa, wosakonza cakudya, dzina lace limveka m'midzi yonse, ndipo caka camawa aitana yekha. Sanena kwa olimawo dzuwa liri pamutu, "Mulungu ndiye adzalipira." Acita manyazi. Nanga ife manyazi amenewo tinawataya kuti? Mkuru wotumidwa ku msonkhano wa Presbiterio asagulitse nkhuku ya mkazi wace kuti apeze ya ulendo. Wolalikira amene Buku lace linathothoka masamba kuyambira Genesis kufikira Yoswa, mpingo umgulire lina. Iye amene maliro atatu amcotsa m'munda sabata imodzi ya Januwale, acinyamata a mpingo apite m'mawa umodzi ndi makasu. Sipafunika kalata wa ku Sinodi pa ici.

Ndipo coposa zonse, aphunzitsidwe. Malo alipo. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo ophunzitsira Akristu wamba amene anapatsidwa dzina la Namon Katengeza. Ku Chilema pafupi ndi Malosa kuli ena. Ndipo alipo maphunziro a TEEM, amene munthu awatsata ali pakhomo pace, wosasiya munda. Zitseko izi zinatsegulidwa kale. Cimene cisowa ndi bwalo la akuru limene lidzati, Caka cino titumiza awiri, ndipo ulendo wao ndi cakudya cao ciri pa ife.

Za amai tiyenera kunenapo padera, pakuti pa iwo mau aja alemera koposa. Cigwirizano cinakhazikitsidwa mu 1940, ndipo kwa a Blantyre kuli Mvano, kwa a Livingstonia kuli Umanyano. Amai awa ndiwo asambitsa odwala, aphika pa maliro, asesa ndi kuzira nyumba ya Mulungu, alangiza anamwali, ndipo pa masika madengu ambiri afika pa mitu yao. Cotsani amai mwezi umodzi, muone ngati mpingo udzaima. Koma ikapezeka ndarama pang'ono ya maphunziro, ndi kangati imagwera mai? Mlangizi amene tampatsa ana athu akazi pa msinkhu wobvuta koposa, kawiri kawiri aphunzitsa zokhazo anazimva kwa amene anamlangiza iye, zabwino ndi zosayenera pamodzi, popeza palibe anakhala naye pansi.

Abusa athu, tikupemphani mutilole tinene kwa inunso, mwaulemu. Maphunziro amene munalandira sali cobvala ca pa Sabata. Tiona ena, si onse, amene abwera ku sukulu ndi mabuku m'bokosi, nalitseka, nafika ku nyumba za mapemphero pa Mgonero ndi pa kusonkhetsa pokha. Ndipo akuru awo awadziwa monga onyamula cikwama ndi owerenga makadi. Mbusa wotere ndiye alimbitsa mau a iwo akuti sukulu ya ubusa iribe phindu, pakuti phindulo silinawafike. Scott uja anali ndi nchito zambiri, kumanga kacisi wa ku Blantyre ndi kulemba buku lomasulira mau a Cimang'anja, koma anapeza nthawi ya kukhala pansi ndi atumiki ace asanu ndi awiri. Mbusa amene asonkhanitsa olalikira ace kamodzi pa mwezi, natsegula nao mitu imene adzalalikira, nawaonetsa poyambira ndi potsirizira, walalikira m'nyumba khumi Sabata limodzi ali pamalo amodzi. Ndipo Akristu akaona kuti ndarama imene anaponya ku sukulu ya ubusa yabwerera kudzera m'kamwa mwa mkuru wa pamudzi pao, sadzafunanso kukakamizidwa.

Nyengo ya masika iri kudza caka ndi caka, ndipo cimanga, mtedza ndi nyemba ziunjikidwa patsogolo pa gome. Tipempha mabwalo a akuru kuti asanagawe kanthu ku njerwa, kapena ku cikondwerero, ayambe apatula gawo la maphunziro, nalilembe pa tsamba lace lace m'buku la msungi, ndi mizere iwiri: wa wophunzira ubusa wa m'Presbiterio mwao pamodzi ndi banja lace, ndi wa akuru, atumiki ndi amai amene adzatumidwa kukaphunzira. Kukula kwa gawolo aweruze okha monga mwa mphamvu zao. Mpingo wa kumapiri sungalingane ndi wa m'mzinda. Koma tsambalo liwerengedwe pamaso pa mpingo wonse pakutha pa caka, pamodzi ndi maina a amene anapita ndi kumene anapita. Ndipo likakhala loyera lopanda colembedwa, mlembi aimirire ndithu, alitukule, anene kuti caka cino sitinatume munthu.